Magolovesi amene ndinabisa padenga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, kwathu kwa Kalembo. Bambo anga anali achialubino. Pamsika anthu ena ankati akawapatsa moni, dzanja n'kulibweza msanga ngati agwira mbaula. Zimenezi zinkandiwawa kwambiri, pajatu ndinali mwana wamtima wapachala.

Dzuwa linawatulutsa timabala tokhakhala kumbuyo kwa khosi. Kuchipatala ku Liwonde anawapatsa mankhwala opaka a khansa ya pakhungu, pamodzi ndi magolovesi. Poti bambo sakanatha kuona malowo okha, owapaka anali amayi.

Nditaona amayi akuvala magolovesi, mtima unandipsa. Nawonso ayamba kunyansidwa nawo? Ndinawatenga magolovesiwo n'kuwasomeka mu udzu wa padenga la khitchini. Amayi anafunafuna, kenako anayamba kungopaka ndi zala. Bambo ankakhala atafulatira, sankaona. Ine ndinkadziyamikira mumtima.

Patatha masiku angapo zala za amayi zinafiira n'kuyamba kusupuka. Bambo anazindikira ataona kuti akulephera kutong'ola chimanga.

"Magolovesi aja ali kuti?" anafunsa.

Ndinaulula ndekha, monyadira. "Ndinabisa ndine. Inu si chinthu chonyansa, ababa."

Sanandimenye. Anandikhazika pamphasa pafupi nawo. "Iyayi, mwanangu. Mankhwalawa amawotcha, ndipo sasankha khungu. Adokotala ananenetsa kuti asagwiridwe ndi manja, ndipo mayi woyembekezera asawayandikire n'komwe."

Amayi anazyolika. Kwathu mimba yaing'ono siilengezedwa, ndiye ngakhale bambo anali asanauzidwe. "Ndili ndi pathupi," anatero motsitsa mawu. "Miyezi iwiri."

M'mawa mwake amayi anakwera minibasi kupita kuchipatala kuja. Kumeneko anawaletsa kukhudzanso mankhwalawo, ndipo za mwanayo anangoti tidikire, tiziona kusikelo. Ntchito yopaka anaitenga azakhali, atavala magolovesi aja, amene ndinawatsitsa ndekha ndikulira.

Miyezi imeneyo ndinaopa kuposa mmene ndinaoperapo chilichonse. Tsiku lililonse ndinkangoyang'ana mimba ya amayi. Mwanayo, Jafali, atabadwa, ndinamuwerenga zala zonse, zamanja ndi zakuphazi, kawiri. Zinali zokwanira.

Lero ndimadziwa kuti ndinasokoneza zinthu ziwiri. Anthu apamsika ankabweza dzanja chifukwa choipidwa ndi bambo, pomwe amayi ankavala magolovesi kuti athe kuwagwira tsiku lililonse. Jafali akandiseka kuti ndine wamakani, ndimangoyang'ana zala zake. Sadziwa kuti makani angawo anatsala pang'ono kugwera pa iye.