Mizu Itatu ya Bambo Vitus Mbewe

Amene anawaonapo Bambo Vitus Mbewe atagwada m'tchire, kakhasu kali m'manja, amadziwa kuti kwa iwo kukumba mizu ndi kupemphera inali ntchito imodzi. Anabadwira m'dera la mfumu Zulu mu 1931, m'banja lolima mtedza. Sukulu anangoinunkhiza, koma mitengo anaiphunzira kwa mayi awo mpaka kuidziwa ngati abale awo. Lamulo la mayiwo linali lakuti ukakumba muzu, tenga mbali imodzi yokha, kenako kwirira dzenje kuti mtengo usafe.

Anamanga ukwati ndi Mayi Anastazia pa tchalitchi cha Guilleme, ndipo Misa sankaijomba ngakhale mvula ivumbe chotani. Edzi itasakaza midzi yathu m'zaka za m'ma 1990, awiriwa ankayendera odwala a mumphakati mwawo, ndi madalaivala a mathiraki ogonera kumalire opanda wowasamala. Ankawatsuka zilonda ndi madzi owiritsira mizu itatu: wa muwawani, wa mpoza, ndi wina wofiirira umene ankangoutcha "wa amayi". Umenewu ndiwo ankaukonda koposa.

"Ine sindichiza ayi, ndimangotsuka," ankatero. "Kuchipatala pitani ndithu."

Pakamwa pa anthu sipatsekeka. Ena ankawanena kuti ndi amfiti, iwo n'kungoseka. Koma mu 2002 dalaivala wina, Rabson, anamwalira ndi chilonda cha pamwendo chimene iwo anachitsuka mwezi wathunthu. Pamaliro mkazi wake anawaloza chala.

"Madzi anuwo ndi madzi chabe! Mwangomutayitsa nthawi mwamuna wanga."

Mawuwa anawalasa mtima. Kuyambira Lamulungu lotsatira Bambo Vitus ankatsala pabenchi anzawo akamapita kukalandira Ukaristia. Bambo mfumu anayesa kuwalimbitsa mtima, koma ayi ndithu.

"Ngati ndakhala ndikunamiza odwala zaka zonsezi, ndingatambasule bwanji dzanja ili kwa Ambuye?" anafunsa.

Nkhaniyi inamupeza Millicent, mwana wa mlongo wawo, amene ankagwira ntchito yoyeza mankhwala mu labotale ku Zomba. Anabwera n'kutenga mizu itatu ija m'timapepala ta shuga.

"Amalume, ndikapeza kuti ilibe mphamvu, ndidzakuuzeni?"

"Udzandiuze. Ndikalape ndikadali ndi mpweya."

Miyezi inayi inadutsa. Mkuluyo anaonda, kakhasu kanachita dzimbiri pakhonde. Tsiku lina masana Millicent anatsika minibasi ndi zithunzi zitatu za timbale tagalasi. Anafotokoza kuti m'timbalemo anameretsamo tizilombo toyambitsa mafinya, pakati n'kudonthezapo madzi a muzu uliwonse.

"Onani cha muwawani. Bwalo loyerali ndi pamene tizilombo talephera kumera. Cha mpoza nachonso, ngakhale bwalo lake ndi laling'ono. Sikuti ingachize matenda onse, amalume, koma chilonda munkachitsukadi."

Bambo Vitus anavula chipewa.

"Nanga wa amayi?"

Millicent anayang'ana pansi. Pachithunzi chachitatu tizilombo tinali titadzaza mbale yonse, osasiya ndi pang'ono pomwe.

Bambo Vitus anaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Ha! Anastazia, wamva? Mayi anga aja anakhoza ziwiri, chimodzi analakwa. Kusukulu akanapambana ndithu!"

Loweruka anakalapa za muzu wachitatuwo, ndipo sanaukumbenso. Anapitanso kwa mkazi wa Rabson kukamuonetsa zithunzi zonse zitatu, osabisa chimodzi. Lamulungu lake anadzuka pabenchi paja n'kulowa pamzere. Mpingo wonse unapumira m'mwamba, ena a ife tinalira osachita manyazi.

Anatumikirabe odwala zaka zina zisanu, tsopano ndi mizu iwiri. Mu Ogasiti 2008, atalandira sakramenti la kudzoza odwala, anapempha Mayi Anastazia kuti awagwiritse kolona, n'kugona mwamtendere dzuwa lili paliwombo.

Mitengo imene anaikumba zaka makumi asanu ikadali chiimire, poti dzenje lililonse ankalikwirira. Potsegula buku lawo la mapemphero, ana awo anapezamo chithunzi chimodzi chokha, pa tsamba lokonzekera kulapa. Sichinali cha muwawani kapena cha mpoza. Chinali chachitatu chija.

Mzimu wawo uuse mumtendere.