Kandodo Kamene Ndinabweza M'mbuyo

Umakaniko ndinauphunzira kwa Mpwitikizi wina amene anali ndi ofisina yokonzera magalimoto kuseri kwa msika ku Insaca. Anali woipa mkamwa koma wabwino makutu. Injini ikalira, ankapendeketsa mutu n'kunena matenda ake asanatsegule boneti. Ufulu utabwera ananyamuka osatsanzika, n'kundisiyira bokosi la masipanala ndi khalidwe lake lonyoza aliyense wodziyesa wodziwa za galimoto. Zonse ziwiri ndinazisamala bwino.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, anali m'gulu la odziyesa odziwawo. Kwawo kunali ku nyanja ya Chiuta, banja la Chisilamu, asodzi kuyambira makolo, koma iye anaukana ukonde n'kupita ku Joni kudzera ku Malawi. Anzake pobwerako ankabwera ndi njinga ndi makina osokera. Iye anabwera ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, yotha ndithu, imene anagula kwa kapitawo wake. Inali yaifupi, mimba yake ikungotsala pang'ono kukhula pansi, galimoto ya pa phula osati ya m'mchenga wa kwathu kuno. Ndinamufunsa ngati anakumbukira kubwera ndi msewu wake womwe. Anangoseka. Ankaseka chilichonse munthu ameneyu, ndipo ngakhale ankanditopetsa ndinkamukonda kwambiri.

Chimene ankanyadira pa galimotoyo chinali turubo, chitsulo chooneka ngati chigoba cha nkhono chomangidwa m'mbali mwa injini. Utsi wotuluka umazunguza kakupiza m'kati mwake, kakupizako n'kumakankhira mpweya wambiri mu injini, galimoto n'kupeza mphamvu yoposa msinkhu wake. Kuti mpweyawo usapyole muyeso, pali kachitseko kakang'ono kamene kamatseguka n'kuthawitsa utsi wina, ndipo chimene chimatsegula kachitsekoko ndi kandodo kachitsulo kokhala ndi nati. Ukafupikitsa kandodo, kachitseko kamachedwa kutseguka, mphamvu imachuluka. Ukakatalikitsa, kamatseguka msanga, galimoto imafatsa. Ine turubo ndinaidziwira pa malole akuluakulu a dizilo, ndipo ya mlamu wangayo inali yoyamba kuiona pa galimoto yaing'ono. Zimenezi sindinamuuzepo.

Nkhondo poyamba tinkangoimva m'nkhani za apaulendo. Kenako sitima inayamba kusowa masabata, m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha, ndipo anthu a m'midzi anayamba kufika pa Insaca ndi mitolo pamutu, osafuna kufotokoza zimene anaona. Gazolina, mafuta a galimoto, anasowa. Amene ankapezeka ankabwera m'zigubu pa njinga kuchokera kumalire, ndipo aliyense amene chigubu chadutsa m'manja mwake ankathiramo palafini kuti chidzaze. Ndinkamuyesa podonthezera pachikhatho. Weniweni amauma pomwepo n'kusiya kuzizira, koma wa masiku amenewo ankasiya mafuta onyezimira ngati wagwira chitumbuwa.

Lachisanu lina m'mawa mlamu wanga anabweretsa galimoto ku ofisina. Sanaseke tsiku limenelo. Anati mawa lake atenga mkazi wake ndi ana awo awiri kupita ku Entre Lagos, akawoloke malire. Pa msewu umenewo panali malo amodzi amene tonse tinkawaopa, pa kamlatho ka matabwa pamene msewu umakwera chitunda cha mchenga, udzu wautali uku ndi uku. Malole awiri anali atawotchedwa pamenepo. Iye ankafuna kudutsapo mwa liwiro loti munthu asapeze mpata wolozetsa mfuti, ndiye anandiuza kuti ndifupikitse kandodo kaja, ndipotokole natiyo katatu, monga anaonera amakaniko a ku Joni akuchitira.

Ndinakana. Ndinamuuza kuti ku Joni amathira gazolina weniweni, kuti ndi msuzi wa palafini umene unali m'thankimo injini idzayamba kugogoda ngati misomali m'chitini, ndipo akaiumiriza pa chitunda mapisitoni adzasungunuka, galimoto n'kufera pamalo omwe akuwaopawo. Ndinadonthezera gazolina pachikhatho chake kuti aone yekha. Anapukutira pa buluku n'kunena kuti injini yake amaidziwa, yapirira zambiri. Tinakangana mpaka amayi ogulitsa usipa anayamba kusuzumira. Ndinamutchula wouma mutu, ndi mawu ena amene sindingawalembe pano.

Pomaliza anatsitsa mawu. "Alamu," anatero, "mkazi ndi wanga, ana ndi anga, chiwongolero ndigwira ndine. Ngati dzanja lanu likuopa, ndibwerekeni sipanala ndipotokole ndekha."

Mawu amenewo anandipsetsa mtima. Ndinamuuza kuti sipanala yanga sigwiridwa ndi msodzi, apite ku mzikiti nthawi yakwana, akapeza ndamaliza. Anapita.

Ndinatsala ndekha ndi galimoto, dzuwa lili paliwombo. Ndinadikira injini izizire, ndinachotsa kapini, ndinamasula nati yomangira. Ndikukumbukira kuti ndinaima nthawi yaitali kandodo kali m'manja. Amene adzakhale m'galimotomo anali mlongo wanga, amene ndinkamubereka kumsana mayi ali kumunda. Ndinadziuza kuti galimoto yoyenda pang'ono imafika, yakufa panjira sifika. Ndinapotokola natiyo kawiri, osati kofupikitsa koma kotalikitsa. Kenako, podziwa kuti mlamu wanga mphamvu ya galimoto amaiyesa ndi makutu, ndinamasula pang'ono mabawuti a paipi ya utsi kuti izibangula. Ichi chachiwirichi ndi chimene chimandichititsa manyazi kwambiri, chifukwa sichinali umakaniko, chinali ukathyali.

Atabwera tinaiyesa kuchokera pa msika kukafika pa sukulu. Kupyola apo kunalibe wolimba mtima woti n'kupitako mwachisawawa, ndipo mtunda umenewo unali waufupi moti galimoto sikanaonetsa chilichonse. Inabangula, nkhuku zinabalalika, nkhope ya mlamu wanga inamasuka. Anandimenya paphewa n'kunena kuti ankadziwa kuti ndine mmisiri, vuto langa ndi pakamwa pokha. Ine ndinayang'ana kumbali.

Ananyamuka m'mawa dzuwa litatuluka. Ana anawapanikiza kumpando wakumbuyo pamodzi ndi mapoto ndi thumba la ufa. Malo a munthu wachisanu panalibe, ndiye tinagwirizana kuti ine ndidzawatsatira wapansi ndikakwirira zida zanga. Phokoso la galimotoyo ndinalimva nthawi yaitali itabisika kale. Ngati ine ndinkaimva chonchi, aliyense wa m'tchire ankaimvanso.

Nkhani inandipeza patapita masiku atatu, kuchokera kwa bambo wina wogulitsa mchere. Anati galimoto yofiira ili m'mbali mwa msewu kutsogolo kwa chitunda chija, yopsa. Za anthu sankadziwa. Sindinakwirire zida zilizonse. Ndinatseka ofisina ndi waya n'kuyamba ulendo, kulambalala msewu, kudzera m'minda yosiyidwa mpaka ndinapeza njanji n'kuitsata.

Mlongo wanga ndinamupeza tsidya la malire, pakati pa anthu ambirimbiri okhala pansi pa mitengo, ana onse awiri ali naye. Anandifotokozera mosalira, ngati akunena za munthu wina. Anati pa kamlatho anadutsa bwino, koma pa chitunda matayala anayamba kukumba mchenga, mwamuna wake akuponda mpaka pansi, akuilankhula galimoto kuti tiye, tiye. Anthu anali atadikira kale m'udzu. Chipolopolo chinalowera pa chitseko cha woyendetsa. Mwamuna wakeyo sanasiye chiwongolero. Anamaliza chitunda, anayendabe kamtunda ndithu mpaka mfuti zinatsalira m'mbuyo, kenako anaimitsa, n'kumuuza kuti atenge ana athawire ku njanji osacheuka. Pamene ankatulutsa mwana wachiwiri, mwamunayo anali atatsamira kale pa chiwongolero.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikukwera chitunda chimenecho m'mutu mwanga kosawerengeka. Masiku ena ndimapeza kuti ndikanafupikitsa kandodo, injini ikanaphulika pakati pa chitunda, onse anayi n'kuthera pomwepo. Masiku ena ndimapeza kuti ikanapirira mphindi imodzi yokhayo, ndipo mphindi imodziyo ndi imene ankandipempha. Ndafunsapo amakaniko anzanga mozungulira, ngati nkhani ya munthu wina, ndipo aliyense amayankha zake. Chimene ndikudziwa n'chakuti munthu anasankha yekha mmene apulumutsire banja lake, ine n'kumusinthira iye ali ku mapemphero, ndipo anafa akuponda mphamvu imene ankakhulupirira kuti ilipo.

Tsiku lomwe ndinamupezalo, atamaliza kufotokoza, mlongo wanga anagwira manja anga onse awiri, akuda ndi girisi wosachoka, n'kuitana ana kuti ayandikire.

"Athokozeni amalume anu," anatero. "Bambo anu ananena tikunyamuka kuti amalume anuwa galimoto aiwonjezera mphamvu. Achimwene, mukanapanda inu, chitunda chija sitikanachimaliza."

Ana anagwada. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiulule, koma ndinaona kuti mawu amenewo ndi okhawo amene anamutsalira oti agwirepo, ndipo ndinachita mantha. Ndinati ndidzamuuza tikabwerera kwathu. Titabwerera ndinati ndidikire ana akule. Mlongo wanga anamwalira chaka chatha akundithokozabe.