Mtedza Uli ndi Dzina Lina

Inu owerenga, ndiyambe ndi kuulula kulakwa kwanga. Ndinadyetsa mwana wanga chinthu chimene ndinkadziwa kuti chingamuphe, ndipo ndinachita kumumatulira ndekha. Zinachitikira m'ndege, pakati pa Tete ndi Maputo, ndipo chinandichititsa ndi manyazi basi.

Ndine mayi wa ku Mualadzi, m'boma la Chifunde. Nkhondo itavuta tinathawira ku Zambia ndili kamtsikana, ndipo kasukulu kanga kochepako ndinakaphunzira kumsasa wa othawa nkhondo, m'Chinyanja ndi m'Chingerezi. Titabwerera kwathu pamtendere, ndinapeza kuti m'maofesi ndi pamapepala onse muli Chipwitikizi, chimene ndinkangodziwapo moni ndi "sim", ndiye kuti inde. Anzathu amene sanathawe ankatiseka kuti ndife a ku Zambia. Ndiye ndinazolowera kugwedeza mutu ndi kunena "sim, sim" pa chilichonse, kuti asandione umbuli.

Mwana wanga Lusiya sayanjana ndi mtedza. Tinazindikira ali ndi zaka ziwiri, atadya nkhwani zotendera. Milomo inatupa, thupi lonse linatuluka zidzolo, ndipo popuma pachifuwa pankalira ngati mluzu. Anapulumukira kuchipatala, koma ine kuyambira tsiku limenelo ndinasanduka munthu wovuta. Kwathu kuno mtedza uli paliponse: m'ndiwo, m'phala, m'thumba mwa mlendo aliyense wokonda ana. Ndinagula mtondo wangawanga wosasinjiramo mtedza. Apongozi anga ankati ndikulera mwana mwachizungu, eti mwana wa mlimi angakane bwanji nsinjiro, ndipo tinatha mwezi osalankhulana nditataya phala limene anamuphikira. Sindinapepese, ndipo mpaka lero sindiona chopepesera. Pamaliro, paukwati, kutchalitchi, chakudya chilichonse ndinkayamba ndanunkhiza. Amayi anzanga a kwaya ankandiseka kuti ndikanakhala galu wa alenje, bwenzi mudzi ukudya nyama tsiku ndi tsiku.

Lusiya atakwana zaka zisanu ndi chimodzi, achimwene anga anatipeza. Tinasiyana nawo pothawa nkhondo ndipo tinkayesa anamwalira, koma anali moyo ku Maputo, akukonzekera kumanga ukwati. Anatumiza matikiti awiri a ndege, yanga ndi ya mwana. Ndinanyada, musachite kufunsa. Ngakhale amene sanandifunse ndinawauza.

Ndisananyamuke ndinapita kuchipatala cha ku Chifunde. Namwino anandipatsa mapilitsi, nalemba pepala m'Chipwitikizi lofotokoza vuto la mwanayo. Anati, "Mayi, izi zisachoke m'manja mwanu. Aliyense wokupatsani chakudya muyambe mwamuonetsa pepalali." Ine ndinamanga zonsezo pa kapulana, chitenje chathu chija, ndi kuziika pansi penipeni pa chikwama chachikulu, poganiza kuti m'menemo ndi mosatayika.

Pabwalo la ndege ku Tete, bambo woyeza katundu anandifunsa funso lalitali. Sindinamve ngakhale liwu limodzi, koma ndinayankha "sim, sim", ndipo chikwama chinakwera pa lamba n'kulowa kuseri. Mtima sunandigunde n'komwe. Ndinkaganiza za shapa, maminibasi athu aja, mmene katundu amakhala padenga ndipo ukafuna kanthu umangouza dalaivala kuti aime.

Ndege itakhazikika m'mwamba, mtsikana wogwira ntchito m'ndegemo anayamba kugawa timabokosi ta chakudya. Munali buledi, chakumwa, ndi kabisiketi ka chokoleti kokutidwa m'pepala lonyezimira. Ndinagwira ntchito yanga ya masiku onse. Ndinamatula, ndinanunkhiza, ndinangomva shuga ndi chokoleti. Papepalapo ndinafunafuna dzina la mtedza la Chingerezi limene ndinaphunzira ku Zambia, koma silinalipo. Panali liwu lina lolembedwa mwakuda kuposa anzake, lakuti "amendoim", ndipo ine ndinayesa ndi dzina la kampani.

Inu owerenga, mtsikana uja anali ataima pomwepo. Ndikanatha kufunsa. Koma pambali panga panakhala bambo wina wa suti akuwerenga nyuzipepala ya Chipwitikizi, ndipo ndinachita manyazi kuti amve Chinyanja changa cha kumudzi. Ine yemwe uja, amene ndinalimbana ndi apongozi pamaso pa mudzi wonse, ndinaopa munthu wosamudziwa chifukwa cha suti. Ndinapatsa mwana bisiketiyo.

Sipanapite nthawi Lusiya anandikoka dzanja nati, "Amayi, lilime likuyabwa." Nditamuyang'ana, mlomo wakumwamba unali utayamba kale kutupa. Kenaka ndinamva mluzu uja pachifuwa. Dzanja langa linathamangira pansi pa mpando kufuna chikwama, ndipo apo m'pamene ndinakumbukira kumene chinali. Mankhwala ndi pepala zinali pansi pa mapazi anga, m'mimba mwa ndege, koma panalibe woti n'kumuuza kuti aime.

Zimene ndinachita pamenepo ndimazinena mosabisa nkhope. Ndinamasula lamba, ndinanyamula mwana wanga, ndinaima pakati pa anthu onse aja ndi kukuwa m'Chinyanja chomwecho chimene ndinkachita nacho manyazi: "Mwana wanga akufa! Wadya mtedza! Alipo akumva Chinyanja muno?"

Woyamba kuyankha anali bambo wa suti uja. Anataya nyuzipepala pansi nati, "Mayi, ine kwathu ndi ku Angonia, nenani zonse ndimasulira." Anatola pepala la bisiketi, naloza liwu lakuda lija, nandiuza kuti amendoim ndiye mtedzawo. Taonani, munthu amene ndinkamuopa anali mnansi wathu wolankhula ngati ine.

Ogwira ntchito m'ndege anathamanga. Analengeza kufunsa ngati munali wa zachipatala, ndipo mayi wina namwino anabwera kuchokera kumbuyo. Ogwira ntchitowo anamutsegulira bokosi la mankhwala la m'ndegemo. Mayiyo anayamba kundiponyera mafunso kudzera mwa bambo aja. Apa ndiye zaka zonse zimene anthu ankanditcha wovuta zinagwira ntchito. Kulemera kwa mwana pa sikelo yomaliza, dzina la mapilitsi ake, kangati zinamuchitikirapo, chimene chimayamba kutupa, zonse ndinayankha zapamtima osadodoma. Namwinoyo anamubaya jakisoni pantchafu, ine nditamugwira ndi kumulankhula kukhutu kuti asachite mantha. Pang'ono ndi pang'ono mluzu uja unayamba kuchepa.

Titatera ku Maputo, ambulansi inali ikudikira. Tinagona m'chipatala masiku awiri, ndipo ukwati wa achimwene anga ndinauonera pazithunzi. Adokotala anandiuza kuti ndikanangokhala phee pampando kudikira kuti tifike, nkhani ikanakhala ina. Anatilembera jakisoni woyenda naye, nandiphunzitsa kabayidwe kake. Pabedi la chipatala pomwepo ndinapempha achimwene kuti andilembere liwu lija papepala, ndipo ndinalikopera mpaka tsamba kudzaza. Ndilo liwu loyamba la Chipwitikizi limene ndinalemba ndi dzanja langa.

Pobwerera achimwene anati tikwere basi. Ndinakana. Ndinakweranso ndege, mankhwala ndi pepala zili m'kachikwama kapakhosi, chakudya cha mwana nditaphika ndekha, mbatata ndi mazira owiritsa. Pakhomo la ndege ndinaonetsa pepala ndisanakhale n'komwe pansi. Timabokosi titabwera ndinakweza dzanja ndi kunena mokweza kuti, "Amendoim, não!" ndiye kuti mtedza ayi. Anthu anaseka katchulidwe kanga, inenso ndinaseka nawo.

Tsono inu amene muli ndi mwana wosayanjana ndi chakudya china, kaya mtedza, mazira, mkaka kapena nsomba, mverani. Mankhwala ake asapite ndi katundu wamkulu, akhale pathupi panu. Dziwani dzina la chakudyacho m'chilankhulo cha kumene mukupita, ndipo lilembedwe papepala. Mphuno musaidalire pa zinthu za m'mapaketi, yanga yotchuka ija inandinamiza. Ndipo chimene simunamve musachiyankhe kuti inde. Funsani m'chilankhulo chimene muli nacho, ngakhale anthu akuyang'aneni.

Chipwitikizi changa mpaka lero n'chokhota. Lusiya ali pasukulu tsopano, amawerenga yekha paketi iliyonse asanatsegule, ndipo ndikamalankhula amandiseka mpaka misozi. Ndimamuleka aseke. Ndinamumvapo akulephera kukoka mpweya m'manja mwangamu, ndipo ndikudziwa kuti mpweya umene akusekerawo ndinachita kuukuwira m'Chinyanja.