Manja a Makanika

Mlongo wanga ndi makanika. Zaka khumi ndi zisanu akupisa manja m'mainjini, ndiye girizi adakhazikika m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya zala zake, sopo adalephera kalekale.

Mwana wake woyamba adabadwa pa miyezi isanu ndi iwiri, kakang'ono ngati sipanala. Kuchipatala adakaika m'kabokosi kagalasi, timapaipi m'mphuno. Tsiku loyamba anamwino adangoyang'ana manja aja.

"Bambo, ndi manja awa ayi. Muonereni pawindo."

Pabenchi yapakhonde ankakhala ndi bambo wina, mphunzitsi, amenenso mwana wake anali m'chipinda chomwecho. Uyu ankangosamba m'manja kamodzi, walowa, wapisa dzanja m'kabokosi. Mlongo wanga nsanje, mayo ine! Ankachita kutupa nayo.

"Taonani timanja tachoko, achemwali," ankandinong'oneza. "Ngakhale tayala sangasinthe ameneyu."

Nsanje idafika mpaka kwa mkazi wake yemwe. "Iye akudziwa fungo la mwana, ine ndikudziwa fungo la galasi." Achibale akabwera ankafunsa za mayi ndi mwana basi, iye n'kumangomutuma madzi akumwa. Adasiya kudya, tulo osabwera, kugalaja n'kuyamba kuiwala kumanga mabawuti. Mantha ake anali amodzi: kuti kamwanako kangamwalire asanakakhudze.

Koma mutu wa makanika! Adaganiza zotsuka manja monga amatsukira injini: parafini, mchenga, kenako burashi yawaya. Girizi adachokadi, koma pamodzi ndi khungu. M'mawa adatambasulira anamwino manja ofiira, mabala okhaokha.

"Iii bambo, mwadzitani? Ndi zilonda ndiye simungagwire n'komwe."

Munthu wandevu zake adakhala pansi pakhondepo n'kulira mokweza, mphunzitsi uja akudutsa.

Anamwino adamumanga mabandeji. Atamaliza adafunsa, "Kodi pachifuwapo munakwechaponso?"

"Ayi."

"Ndiye lowani, mukavule malaya."

Adamukhazika pampando, n'kumugoneka kamwana kaja pachifuwa, khungu kukhudza khungu, timapaipi ndi tonse, n'kumanga nsalu. Ine ndinkaonera pawindo paja. Manja ake anali m'mwamba ngati wagwidwa ndi apolisi, misozi ikutsikira m'ndevu.

Atatuluka ndidamufunsa, "Zili bwanji, achimwene?"

"Ndaumva mtima wake, achemwali. Umagunda apa." Adaloza pachifuwa ndi dzanja labandeji. Kenako adacheukira mphunzitsi pabenchi paja, n'kutsitsa mawu.

"Aja amangokhudza ndi chala chokha."