A Injiniya A Ku Limbe Ndi Makadi A Ukwati Wa Eni Ake

Ndinaitanitsa munthu kuti adzalumikize makompyuta awiri ku printa imodzi. Ntchito yake inali yomweyo basi. Anandiwonongera makadi a ukwati wa mwana wa eni ake, ndipo mpaka lero kampani yake sinapepese.

Amene mumagula pa Migowi mukundidziwa. Ndine Mayi Namulanya, ndimataipa ndi kusindikiza makalata kuseri kwa msika. Kompyuta yanga yakale inkamvana bwinobwino ndi printa yake. Ntchito itachuluka ndinagula yachiwiri ku kampani ina ya ku Limbe, ndipo anandilonjeza katswiri wodzalumikiza kuti zonse zizisindikiza.

Katswiriyo anatsika minibasi Lolemba masana, tayi m'khosi, nsapato zosongoka. Nditafunsa dzina anati, "Muzingoti a Injiniya." Chabwino. Chibwerereni matipate, aliyense ali ndi ufulu wodzipatsa udindo.

Anatulutsa kabokosi ka timagetsi tophethira, nati kameneko ndiye netiweki. Anazula zingwe zonse n'kuzilowetsa m'kabokosimo. Kenako anafunsa potchajira foni. Ndinawauza kuti soketi yadzaza.

"Musavutike mayi, izi ndi zathu," anatero, n'kugwada pansi pa tebulo.

Atadzuka, foni inali ikutchaja, timagetsi tija titazima. Ndinafunsa kuti tazimiranji. Anati netiweki ikakhazikika timagetsi timapuma.

Kuyambira pamenepo printa inangoti zii. Ngakhale kompyuta yakale, imene m'mawa womwewo inasindikiza mayeso a sukulu ina, inaleka kusindikiza.

Lachiwiri anati muli vayirasi. Anakhala tsiku lonse akuyala makadi a njuga pa kompyuta, ati akuona ngati mbewa ya kompyutayo ikuyenda bwino. Akatopa, ankadina batani lotumiza tsamba loyesera ku printa. Osatuluka kanthu. Kudinanso. Kudinanso. Kenako n'kufunsa ngati pafupi pali pogulitsa tchipisi.

Lachitatu anatulukira chifukwa china. Anati Phiri la Michesi likutchinga netiweki. Abale, makompyutawo ali patebulo limodzi. Chingwe chake n'chotalika ngati lamba wa m'chiuno. Phiri linalowa bwanji pakati pake? Linadzera pazenera? Anandiyankha kuti nkhani za sayansi n'zovuta kufotokozera munthu wa kuno.

Tsiku lomwelo kunabwera Mayi Mulipa ochokera kwa Nazombe. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa Loweruka, ndipo anali atandisiyira kale makadi oti ndisindikizepo ndondomeko ya ukwati. Makadi olimba, a mkombero wagolide, ogula ku Blantyre atagulitsa nandolo. Kuno sapezeka. Ndinawapempha kuti abwerenso Lachisanu. Anabwerera pa njinga yakabaza osadandaula.

Lachisanu m'mawa a Injiniya anandiuza kuti ndiike makadiwo mu printa, ati mwina ikukana mapepala wamba. Ndinaika. Sinasunthe. Apo anagwetsa manja, nati printa ndi yokalamba, ndigule ina ku kampani yawo. Analonga chikwama, anagwada pansi pa tebulo, anazula tchaja chawo, n'kubwezera pulagi imene anaichotsa Lolemba lija. Ine sindinaziganizire. Ndinali nditapsa mtima, ndipo ndinawatsatira mpaka kumsewu ndikuwafunsa kuti ndiwauza chiyani Mayi Mulipa.

Tili mkati mokangana, Mayi Mulipa anafika. Anatipatsa moni n'kunena kuti, "Zikomo, ndamva makina akulira m'katimo. Ndiye kuti zatheka."

Ndinathamanga. Timagetsi ta kabokosi tinali tikuphethira. Printa inali ikulavula masamba oyesera onse amene a Injiniya anadina sabata yonse, limodzilimodzi, pa makadi a ukwati. Ndinafika ikumeza lomaliza.

Ndiye kuti masiku onsewo netiweki inalibe magetsi chifukwa foni ya a Injiniya inkadya. Vayirasi uja anali tchaja.

Mayi Mulipa anatola khadi limodzi, n'kulitembenuza uku ndi uku. Chizungu sawerenga. Anafunsa kuti dzina la mwana wawo lili pati. A Injiniya ndiwo anayankha, osachita ngakhale manyazi. Anati pamwamba palembedwa mawu oyamikira kuti printa yalumikizidwa bwino, ndipo mawu oyamikira pa ukwati amagwirizana ndithu.

Mayi aja sanakalipe. Anangokhala pa benchi, makadi ali pamiyendo. Kenako anati, "Mwanayu ndi mmodzi yekha wamkazi. Ndimafuna akuchimuna aone kuti nafenso timatha."

Ndinasindikiza ndondomekoyo pa mapepala oyera wamba, inki itatsala pang'ono, zilembo zotuwa. Sindinawalipiritse. Anapinda mapepalawo, anathokoza, anapita. Kuchokera tsiku limenelo mpingo wawo, umene kale unkasindikizitsa kuno, sunabweretsenso ntchito kwa ine.

Lolemba linalo ndinaimbira abwana a kampaniyo. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Kodi printa ikugwira?" Ndinati ikugwira. Anati ndiye kuti mnyamata wawo anagwira ntchito yotamandika, ndipo nditumize ndalama ya malo ogona ndi ya ulendo. Nditatchula za makadi, anati sakundimva bwino, n'kudula foni.

Tsono inu a kampani, ndiyankheni poyera. Makadi a Mayi Mulipa abweza ndani? Munthu wanuyo munamutola kuti? Kapena mumaona ngati ife a ku Phalombe tikaona tayi nzeru zimatithawa?

Ndipo inu anzanga a mabizinesi kuno, akadzafika pakhomo panu munthu wodzitcha Injiniya, musayambe n'kumufunsa za satifiketi. Mufunseni ngati foni yake ili yodzaza. Akati ayi, mukwezeni minibasi yomwe wabwera nayoyo.