Chitenje cha Furaha

Furaha anachokera ku Congo ali yekhayekha, wazaka zisanu ndi zitatu, ndipo akumpingo anandipatsa kuti ndimulere kwathu ku Kaliyeka. Anabwera atakumbatira chitenje chakuda bii, chimene ankakana kuti chichapidwe. Ine ndinkachita nacho manyazi, poti amayi apampopi ankandinena.

Tsiku lina ali kusukulu ndinachichapa, ndikudzitama kuti ndine mayi waukhondo. Atabwera anachinunkhiza pachingwe nthawi yaitali.

"Chinali ndi fungo la mayi anga," anatero.

Ndinanama kuti chanyowa ndi mvula. Munali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

Sanatsutse. Anachipinda bwinobwino n'kundipatsa.

"Muchivale sabata imodzi, amayi, kenako mundibwezere."

Ndinachivala. Mpaka lero sindidziwa kumene mwana uja anautenga mtima umenewo.