Sitampu yonyansa ya ku Mayani

Matenda otolera masitampu ndinawatenga kwa bambo wina woyandikana nafe m'komboni ya Bwacha, amene anali atapuma ntchito ya ukalaliki kunjanji. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, mutu wouma ngati mwala, ndipo Loweruka lililonse ndinkathawa mbale za amayi n'kukakhala pakhonde pawo. Bambowo anali ndi mabuku atatu akuluakulu ndi kapani kachitsulo kogwirira masitampu, poti ankati chala cha munthu chili ndi mafuta. Ukangoyerekeza kukhudza, kapani komweko kankakupeza padzanja.

Malamulo awo ndikuwakumbukirabe. Sitampu yapamwamba, ankatero, ndi imene sinamatidwepo pakalata, ulimbo ukadali kumbuyo, mano ake onse ali amphumphu. Yotsatira ndi yoyendapo, koma chidindo chitangoikhudza pakona. Tsono ija imene wa kupositi anaidinda pakati penipeni ndi mkwiyo wake wonse, ankaikankhira pambali n'kunena kuti n'zinyalala. Ine ndinameza zonsezo osatafuna.

Masitampu ndinali nawo pafupi. Atate anachoka ku Malawi ali mnyamata kudzagwira ntchito mumgodi kuno ku Kabwe, anakwatira amayi, a mtundu wa Alenje a konkuno, ndipo sanabwererenso. Ife ana tikawafunsa za kwawo ankangoti ku Dedza, n'kusintha nkhani. Koma mlongo wawo, azakhali athu amene sitinawaonepo, ankatumiza kalata kawiri kapena katatu pachaka. Azakhaliwo sankadziwa kulemba, ankawalembera ana asukulu, ndipo keyala pamwamba sankaikapo. Aikirenji, poti wolandirayo kwawo ankakudziwa? Atate ankawerenga atakhala patsinde pa mango, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, kenako n'kusunga m'chitini cha mabisiketi.

Tsiku lina ndinawapempha maenvelopu. Anati nditenge, bola makalatawo ndiwasiye. Ha, chimwemwe chake! Ndinadula makona onse, n'kuviika m'beseni la madzi ofunda, masitampu n'kumamatuka okha: nsomba, mbalame, maluwa. Ndinawayanika panyuzipepala, ndipo maenvelopu otsalawo amayi anakolezera mbaula. Kenako ndinasankha monga anandiphunzitsira. Oyera ndinaika m'buku. Odindidwa kwambiri ndinasinthanitsa ndi anzanga kusukulu, asanu pa imodzi yatsopano, ndikudziona wochenjera.

Imodzi yokha aliyense anaikana. Chidindo chinaikhalira pakati, inki ili bii, moti mbalame yake sinkaoneka ndi mlomo womwe. Bambo a kunjanji aja ataiona anaseka mpaka kutsokomola. Ndinaiponya kumapeto kwa buku chifukwa chongoipidwa.

Makalata ankadzera pabokosi la kumgodi, ndiye mgodi utatsekedwa anasiya kubwera. Atate nawo anasiya kulemba. Ndikuganiza kuti ankachita manyazi, munthu wokhala zaka zonsezo kunja wopanda chotumiza.

Anamwalira ine ndili kale ndi ana atatu. Titabwerako kumanda, mkulu wina wa m'komboni ya Makandanyama, Mmalawi mnzawo amene anagwira nawo ntchito pansi mumgodi, anandiitanira pambali.

"Mwana wanga, kumudzi mwanenako?"

Ndinayankha kuti ayi, poti mudziwo sitinkaudziwa. Anandiuza mofatsa kuti munthu amene mlongo wake sanamulire, maliro ake sanathe. Mkuluyo kwawo kunali ku Mulanje, mudzi wa atate sankaudziwa, ndipo onse amene anabwera limodzi ndi atate anali atatsogola kale. Anati Dedza si mudzi woti ungaime pamsewu n'kufuula dzina.

Ndinatsegula chitini chija, ndinawerenga makalata onse. Moni, mvula, mbuzi zafa, uje wakwatiwa, mudzabwera liti achimwene. Dzina la malo, ayi ndithu. Mkulu uja anati ndione chidindo cha paenvelopu, chimanena positi imene kalata yachokera. Ndinamva manyazi mpaka m'mafupa. Ndinawauza kuti maenvelopuwo anapsa kalekale, ndipo wodula makona ake ndine.

M'mawa mwake ndinafukula buku langa pansi pa sutikesi. Tsamba ndi tsamba, masitampu okongola, oyera, mano amphumphu, koma osanena kanthu. Pena kachidutswa ka mzere wozungulira, pena chilembo chimodzi. Ndinakwiyira bambo a kunjanji aja ali m'manda, ndi kapani kawo komwe, koma makamaka ndinadzikwiyira ndekha. Ndili pafupi kuliponya bukulo, kumapeto kunagwa yonyansa ija.

Ndinatuluka nayo padzuwa, ndinabwereka magalasi a amayi. Pamwamba pa mbalame yosaoneka ija zilembo zinali gwa, zonse zisanu ndi chimodzi: MAYANI.

Ndinalembera mkulu wa positi ya kumeneko, ndinatchula dzina la atate ndi la azakhali, ndi kumupempha kuti afunseko m'matchalitchi. Miyezi itatu inadutsa kuli zii. Kenako yankho linabwera, lolembedwa ndi mdzukulu wa azakhali. Azakhali anali moyo, maso okha ndiwo anali atafa. Atamva uthengawo anakhala pansi pabwalo n'kuyamba kulira, anthu anasonkhana, ndipo atate analiridwa kwawo. Kumapeto anauza mdzukuluyo kuti alembe mawu awo enieni:

"Uwauze ana a mlongo wanga kuti pakhomo pano m'pawo. Abwere ndidzawagwire kumaso ndisanafe."

Sitampu ya pakalata imeneyo anaidinda pakati penipeni, inki ili bii. Mwana wanga wamkazi, amene anatengera matenda anga, anabwera ndi sizasi ndi beseni la madzi ofunda. Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anadabwa. Ndinabweza kalatayo mu envelopu yake, ndi kuika zonse m'chitini cha atate.